Tidakagona kuhotela ya mabwana ndi ana atatu

Ndimaphunzitsa Jogalafe pasukulu ina ya sekondale yoyendera kumudzi m'boma la Dedza. Chaka ndi chaka ndimajambula nyanja ya Malawi pabolodi n'kumauza ophunzira kuti m'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 580, kuti pena kuya kwake kumafika mamita 700, ndipo kuti mtsinje wotulutsa madzi ake ndi umodzi wokha, Shire. Tsiku lina kumayambiriro kwa 2023 ndikuchonga makope pakhonde, mwana wanga wachisamba, yemwe panthawiyo adali asanakwanitse zaka zisanu ndi chimodzi, adaloza mapu omwe wophunzira wina adajambula n'kufunsa kuti, "Adadi, nyanjayi inuyo mudaionako?" Ndidati eya, kamodzi, tili kukoleji ku Domasi. Iye adangoti, "Nanga ife?" n'kubwerera kokasewera. Funsolo lidatsala ndi ine.

Usiku womwewo ndidawauza mayi akunyumba kuti ndikufuna tidzapite ndi ana kunyanja. M'mutu mwanga mudali kalesitihausi kotchipa, tidzanyamule ufa, mbaula ndi makala, tizikadziphikira tokha. Adandiyang'ana kanthawi. "Abambo, ngati ndikukaphikanso, kuchapa matewera ndi kukwecha mapoto, ndiye mungondisiya pano. Ntchito zomwezi ndikazigwirire pamchenga?" Ndidaseka, koma adanena zoona. Abambofe tikamati banja lakapuma, kawirikawiri wapuma ndi bambo yekha, mayi wangosamutsa khitchini. Ndiye tidapangana kuti ngati tipite, tikagone kuhotela yeniyeni, zija timangozionera pakalendala, komwe wina akatiphikire n'kutiyalira. Ndalama zikapanda kukwana, tikhale.

Tidapitadi kumapeto kwa Ogasiti 2024, patatha miyezi 20. Chibwerereni anzanga akhala akundifunsa, ena monyodola, ena mofunadi kudziwa, kuti mphunzitsi wa dipuloma adakwanitsa bwanji, nanga adapindulanji. Ndalemba kuti ndiwayankhe onse pakamodzi, komanso kuti kholo lina lomwe likulingalira ulendo wotere lisagwe m'maenje omwe ife tidagwamo.

Choyamba kulimbana nacho sichidali ndalama ayi, adali anthu. Apongozi anga aakazi, poti mwambo sulola kuti azindidzudzula pamaso, adadzera mwa mwana wawo. Ati ndalama zokagonera masiku awiri zikhoza kugula feteleza wokwanira munda wawo wonse, nanga ana aang'ono choncho akakumbukirako chiyani? Kusukulu nako m'chipinda cha aphunzitsi ndidasanduka ndiwo. Wina adati ndayamba moyo wachizungu, wina adati nyumba yanga yakumudzi ilibe siling'i koma ndikufuna kukagona pa eyakondishoni. Sindikunena kuti onsewa adalakwa. Munthu wolandira malipiro a boma kumudzi salandira yekha. Pali fizi ya mphwake, pali matenda, pali maliro, ndipo ndalama iliyonse yomwe wadyera kunyanja ilipo ina yomwe sidafike kwa mbale. Zimenezi ndidazivomereza mumtima ndisanayambe kusunga, ndipo ndikuona kuti yemwe sangathe kuzivomereza asayambe n'komwe, chifukwa akadya chambo chija chikumuwawa pakhosi.

Tidadziikira lamulo limodzi, loti ulendowu usakhale wa ngongole. Aphunzitsi timazidziwa bwino ngongole zodula kumalipiro. Munthu umatenga lero, n'kukhala zaka ziwiri ukulandira pepala la malipiro lotsala mafupa okhaokha. Kukongola chifukwa cha matenda kapena malata n'komveka, koma kukongola kuti ukasambe m'nyanja, n'kumadzabweza dzuwa la Okutobala likukuwotcha m'kalasi, ine ayi. Za katapila ndiye sindinena. M'malo mwake tidapatula njira zitatu. Ndalama zonse zomwe ndinkalandira poyang'anira ndi kuchonga mayeso a MANEB sizinkalowa m'bajeti ya pakhomo. Tidalima soya pakamunda ka theka la ekala komwe kale tinkabwereketsa. Mayi akunyumba nawo ankaika padera gawo la zomwe agawana kubanki m'khonde. Zonsezi zinkapita kunambala ina ya foni yomwe simu yake inkakhala pansi pa sutikesi, chifukwa ndalama yokhala m'foni yomwe uli nayo m'thumba imamva kuitana kwa kanyenya.

Kenaka mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti. Tidali titasunga pafupifupi theka la zomwe tinkafuna, koma pofika Januwale mitengo yomwe ndidalemba m'kope idali itasanduka mbiri yakale. Malo ambiri apamwamba a m'mbali mwa nyanja ndi m'nkhalango za nyama amawerengera mitengo yawo m'madola, ndiye kwacha ikatsika iwo amakwera tsiku lomwelo. Apa mpomwe masiku atatu omwe tinkalota adasanduka awiri. Ndidaphunziraponso kuti ndalama ya ulendo ikakwana ndi bwino kulipiriratu gawo lina kuti mtengo umangike, kusiyana n'kuisunga ikusungunuka. Komanso muzifunsa mtengo wa Amalawi. Malo ambiri ali nawo, wotsikirapo kuposa wa alendo akunja, koma si onse amautchula ngati simudafunse.

Nthawi yopitira kwa ife aphunzitsi ndi makolo a ana apasukulu imasankhidwa ndi kalendala ya sukulu. Tchuthi cha Disembala chili ndi mavuto atatu: mitengo ya Khrisimasi, mvula ndi udzudzu, komanso ndi nthawi yomwe ndalama iliyonse ikufunika kumunda. Cha Isitala dziko limakhala lobiriwira bwino, koma zokolola zisanagulitsidwe ndipo anthu a m'tauni amakhala atadzaza malo onse. Tsiku la anakubala pa 15 Okutobala ndiye musayerekeze kupita ndi ana aang'ono, gombe limachita kusowa popondapo. Chotsala ndi tchuthi chachitali cha Ogasiti. Vuto lake ndi mwera, mphepo ya kummwera ija imaomba miyezi yozizira n'kuutsa mafunde, koma kumapeto kwa mweziwo imakhala ikuchepa, kutentha kwa Okutobala kusanafike, udzudzu uli wochepa, soya atagulitsidwa. Tidasankhanso pakati pa sabata, Lachiwiri mpaka Lachinayi. Loweruka mahotela ambiri amakhala ndi maukwati, maphwando a makampani ndi zoimbaimba mpaka pakati pa usiku, zomwe mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi khumi sangagone nazo.

Posankha malo ndidayamba ndi mapu, monga mwa ntchito yanga. Chintheche ndi Nkhata Bay n'kokongola, mchenga wake woyera, koma kuchokera ku Dedza ndi ulendo wa tsiku lathunthu, kutanthauza kuti masiku awiri athera mumsewu ana akulira. Ku Likoma n'kofuna ndege kapena sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951 ndipo simafulumirira munthu. Zenizeni zidatsala ziwiri, Senga Bay ku Salima, kapena gombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay komwe kwandandalika mahotela akuluakulu. Tidasankha kwachiwiriku chifukwa kuli pafupi ndi Cape Maclear, komwe ndinkafunitsitsa ana akaone nsomba za mbuna.

Ndidalinso ndi dyera loti tikadzere ku Liwonde. Chiyambire 2015 pomwe bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa nkhalangoyi, nyama zachuluka zedi. Mikango idabwezeretsedwamo mu 2018, ndipo njovu zidaswana mpaka mu 2022 zokwana 263 adazisamutsira ku Kasungu. Ndani sangafune kuti mwana wake aone njovu ndi maso? Koma nditafunsafunsa ndidapeza kuti ulendo wa pagalimoto wokaona nyama umatenga maola angapo, wofuna kukhala chete, ndipo woyenda pansi salola ana aang'ono. Malo ena ogona m'nkhalango salandira n'komwe ana osafika msinkhu winawake, poti mvuu ndi njovu zimayendayenda pakati pa mahema usiku. Mnyamata wanga wa zaka zinayi sakhala chete ngakhale m'tchalitchi. Akulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Liwonde tidamusiya kuti adikire ana akule.

Tsopano dzenje lomwe ndidatsala pang'ono kugweramo. Nditaimba foni kuhotela yomwe tidaikonda, adanditchulira mtengo, ine n'kuulemba, n'kuuchulukitsa kawiri, mtima n'kukhala pansi. Patatsala sabata ziwiri ndidawapempha kuti anditumizire zonse zolembedwa pa WhatsApp. Pepala litabwera ndidachita kukhala pansi pamwala. Mtengo uja sudali wa chipinda, udali wa munthu mmodzi anthu akagona awiri m'chipindamo. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amalipira theka, wa zinayi nayenso kagawo kake, wakhanda yekha ndiye waulere. Chakudya chomwe chidali mumtengomo ndi cham'mawa chokha. Sindingawanene kuti adandinamiza, chifukwa ndine amene sindidafunse, ngakhale nawonso akadatha kulongosola atamva kuti ndikunena za banja la anthu asanu. Safunsa adadya phula. Kukadapanda pepala lija, phulalo ndikadakalidyera pamalo olandirira alendo, ana ali pambali.

Ndiye ndikuti, musanatumize ngakhale tambala, zinthu izi zikhale zolembedwa: mtengowo ndi wa chipinda kapena wa munthu, ana amayamba kulipira ali ndi zaka zingati, bedi loonjezera ndi kabedi ka mwana n'zolipira kapena ayi, muli chakudya chanji, ndipo msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo walowa kale kapena adzauphatikiza potuluka. Mufunsenso kuti mwana akadwala n'kulephera kubwera, ndalama zanu zibwerako zingati, kapena akhoza kukusinthirani tsiku. Ndi ana aang'ono funso limeneli si lamwambo chabe. Ndipo ndalama muzitumiza kuakaunti ya hotela, osati kunambala ya munthu yemwe mwamupeza pa Facebook ndi zithunzi zokongola. Kunena za zithunzi, mu 2024 madzi a m'nyanja adakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi kulowa m'malo ogona ambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. Ndidawapempha kuti ajambule gombe lawo tsiku lomwelo. Mchenga womwe udali pachithunzi cha malonda udali utatsala kachigawo chabe. Tidapitabe, koma tikudziwa chomwe tikukapeza.

Kuti ndalama zikwane tidachotsa chakudya chamasana cha kuhotela ndi ulendo wa paboti wa hotela, n'kusiya cham'mawa ndi chamadzulo. Chomwe sitidachotse, ngakhale chidatidyera ndalama, ndi mlamu wanga, mng'ono wawo wa mayi akunyumba, mtsikana yemwe adali atangolemba mayeso a Fomu 4. Ana atatu pafupi ndi madzi amafuna akulu atatu. Abale ena atamva kuti mlamu akupita adayamba kudzipereka, wina mpaka kunena kuti adzagona pansi. Kukana mbale n'kowawa, koma hotela imawerenga mitu, ndipo ndidachita kuwaonetsa pepala lija kuti akhulupirire. Tidatenga kanyumba ka banja ka zipinda ziwiri, ndipo ndidapempha kuti kakhale kapansi, kutali ndi bala komanso kutali ndi dziwe losambiramo.

Za mayendedwe ndinene mwachidule. Minibasi ndi ana atatu ndi zikwama, kusintha kawiri kapena katatu panjira, ikadatifikitsa titatheratu. Tidachita hayala Sienta ya munthu wa patsidya pathu, ndipo ndidaonetsetsa kuti wathira mafuta opita ndi pobwerera dzulo lake, poti masiku ano mafuta sadalirika. Chomwe ndidaiwala m'bajeti n'chakuti dalaivala nayenso amadya ndipo amagona. Mwamwayi adali ndi abale ku Monkey Bay. Tidatsika msewu wa Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, ndipo aliyense wodziwa makhotakhota a msewu umenewu aseka ndikanena kuti tidawadyetsa ana mandasi ndi tiyi wamkaka tisananyamuke. Mnyamata adasanza kawiri tisanafike pansi. Ndidali nditawalonjeza kuti nyanja tiyamba kuionera pamwamba pa phiri, koma utsi wa moto wa m'tchire wa mwezi umenewu udaphimba chigwa chonse. Nyamulani kachidebe, madzi ndi zovala zosinthira pamwamba pa chikwama, ndipo chakudya chenicheni akadye mutatsika.

Tidafika cha m'ma 11 koloko, pomwe chipinda amapereka 2 koloko masana. Izi tidachitira dala. Masiku awiri a kuhotela kwenikweni ndi tsiku limodzi lathunthu ndi zidutswa ziwiri, ndiye tidapempha kuti atisungire katundu ana ayambe kusewera. Pageti mlonda adasuzumira m'galimoto, n'kuona zitenje ndi fulasiki, n'kufunsa kuti, "Mwabwera kwa ndani?" Ankayesa tadzaona mbale wogwira ntchito kukhitchini. Ndidamuonetsa pepala, iye n'kupepesa, koma mawu aja adandikhala. Boma limatilimbikitsa ndi mfuu ija yoti tidziyamba ndife Amalawi, ndipo mwezi wa Sepitembala udapatulidwa kukhala wa zokopa alendo, koma m'mitu ya anthu ena mlendo weniweni ndi mzungu kapena bwana wa galimoto ya boma wodzachita msonkhano. Ngakhale m'mutu mwanga momwe mudali zomwezo, chifukwa ola loyamba ndinkangowaletsa ana chilichonse, osathamanga, osakuwa, osagwira icho, ngati kuti tabwera kudzapempha. Mayi akunyumba ndiwo adandidzutsa. "Abambo, talipiratu ife. Asiyeni anawa."

Mnyamata wanga ndiye sadaone chifukwa chochitira manyazi. Madzulo atayang'ana tebulo lalitali lodzaza zakudya zomwe mayina ake sitinkawadziwa, adafunsa mokweza kuti, "Amama, nsima ili kuti?" Anthu adaseka, ndipo bambo wina woperekera zakudya, wachikulire ndithu, adagwada n'kumuuza kuti, "Bwana wamng'ono, dikirani pang'ono." Posakhalitsa idabwera nsima yotentha ndi chambo chowotcha. Bambo ameneyu ndi amene adatiuzanso kuti tikhoza kupempha mbale za ana 6 koloko, poti chakudya chamadzulo chimayamba mochedwa ana atayamba kale kusinza. Tsiku loyamba sitidadziwe, ndipo tidalipira mbale ya mtsikana wathu yomwe adangoijompha kawiri n'kugona pampando. Ogwira ntchito m'malo amenewa ambiri ndi anthu a m'midzi yozungulira, makolo ngati ife, ndipo mukawalankhula mwaulemu amakuuzani zambiri zomwe sizilembedwa papepala. Tsiku lochoka musaiwale kuwasiyira kangachepe.

Wakhanda tidamunyamulira ufa wa Likuni Phala, ndipo kukhitchini ankatiphikira popanda vuto. Masana tinkadya buledi, chiponde, nthochi ndi mazira owiritsa pakhonde la kanyumba kathu, titafunsa kaye ngati n'zololedwa. Botolo la Fanta kumeneko mtengo wake ndi wa mabotolo atatu a kugolosale, ndipo kafiriji ka m'chipinda kamakhala ndi zakumwa zooneka ngati zaulere pomwe si zaulere. Ana auzeni msanga. Anyani nawo ali ndi bajeti yawo. Wina adatsika mumtengo n'kulanda buledi wathunthu patebulo mlamu atangotembenuka, ndipo mpaka lero mukamufunsa mnyamata wanga za kunyanja amayamba ndi nyani.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikachikumbuka thupi limachita tsembwe. Tsiku lachiwiri m'mawa tonse tidali pafupi ndi dziwe losambiramo. Ine ndinkajambula mtsikana wathu pafoni, mayi akunyumba adali atagona pampando wautali uja, mwina koyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri kugona dzuwa lili pamutu, mlamu ankamuvula mnyamata malaya. Aliyense ankayesa kuti wakhanda ali ndi mnzake. Mlamu potembenuka adamuona ali pasitepe yachiwiri ya dziwe, madzi ali m'chifuwa, akutsikirabe. Adamugwira mkono. Sipadamveke kulira kapena kukhuvula kulikonse, ndipo ndi mmene mwana amamirira, mwakachetechete, m'madzi oti wamkulu amulekeza m'mawondo. Pamalopo padalibe wopulumutsa anthu, padali chikwangwani chokha chonena kuti ana ayang'aniridwe ndi makolo awo. Kuyambira pamenepo tidatenga chipewa changa chofiira n'kupangana kuti wavala chipewacho ndiye mlonda wa ana, sagwira foni, sacheza, sagona, mpaka atachivula n'kumuveka mnzake. Zikumveka ngati masewera, koma akulu atatu tidatsala pang'ono kutaya mwana tonse tili pomwepo.

Madzi a m'nyanja ali ndi zawonso. Likodzo lilipo, makamaka kummwera kuno, m'malo a bango ndi madzi odikha momwe mumakhala nkhono zofalitsa tizilombo take, ndiponso pafupi ndi midzi pomwe anthu amachapa ndi kusamba. Hotela kukhala yodula sikutanthauza kuti nkhono zimaiopa. Ife tidawalola ana kusewera m'mphepete pamchenga poyera pomwe mafunde amamenya, n'kuwapukuta ndi kuwasambitsa akangotuluka, ngakhale zimenezi sizitchinjiriza kotheratu. Mankhwala ake, praziquantel, omwe ana amalandira m'sukulu aja, amagwira bwino tizilombo tikakhwima, ndiye kumwa tsiku lobwerera n'kutaya nthawi. Pamafunika papite masabata 6 mpaka 8, kenaka mukaonane ndi achipatala. Ife tidapita kuchipatala chathu chaching'ono mu Okutobala. Madzulo ndi m'bandakucha tinkatalikira madzi, makamaka kumabango, poopa mvuu ndi ng'ona, ndipo ndi bwino kufunsa eni malo kuti mbali yoopsa ndi iti.

Udzudzu wa kunyanja suona kuti chipinda n'cha ndalama zingati. Tidafunsiratu ngati bedi lililonse lili ndi neti, ndipo tidanyamula yathu imodzi yapadera, yomwe idagwiradi ntchito pakabedi ka wakhanda. M'chikwama cha mayi mudali mabuku a kuchipatala a ana onse, Panado wa ana, mapaketi a Thanzi ndi mafuta oteteza kudzuwa, chifukwa ana a ku Dedza ozolowera chisanu amapsa msana ngakhale ndi akuda ngati ine. Ndidafunsanso kuti chipatala chapafupi chili kuti ndipo usiku tingapiteko bwanji. Mwana akatentha thupi sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerako, musamayese chimfine, kayezetseni malungo.

Ku Cape Maclear tidapita tsiku lomaliza titatuluka kale m'hotela, kuti tisaononge maola omwe tidalipira. Derali lili m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse kaamba ka nsomba zake, mitundu mazanamazana yomwe simapezeka kwina kulikonse. Polowa Mmalawi amalipira zochepa, bola chitupa cha unzika chikhale m'thumba. Tidaima pamanda a amishoni a ku Scotland omwe adafika pamalopa mu 1875 n'kuyambitsa mishoni ya Livingstonia, malungo asanawathamangitsire ku Bandawe. Ine ndidayamba kulongosola ngati ndili m'kalasi, koma omvera anga adali akutola malambe.

Pagombe la mudzi wa Chembe tidagwirizana ndi anyamata a boti kuti atiperekeze kuchilumba cha Thumbi. Ndidafunsa za majekete oyandamitsa, ndipo la msinkhu wa mwana lidapezeka limodzi lokha. Jekete la wamkulu pa mwana wa zaka zinayi limangovuka akagwera m'madzi. Anyamatawo adati palibe vuto, nyanja ili bata, amanyamula ana tsiku ndi tsiku. Mwina n'zoona, koma dzulo lake lidali lisanachoke m'maso mwanga. Tidakwera ine ndi mtsikana basi, mnyamata n'kutsala akugubuduka pamchenga ndi ukali. Kuchilumbako madzi ndi oyera ngati galasi, ndipo mbuna zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere zidabwera kudzazungulira dzanja la mwana wanga. Pobwerera mmodzi wa anyamata aja adaimba mluzu n'kuponya kansomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kuchokera mumtengo, kukatola ndi zikhadabo osanyowa n'komwe. Mtsikana wanga, yemwe pakamwa pake sipatsekeka, adakhala duu mpaka kumtunda. Atatsika adandifunsa chifukwa chomwe nyanja ya pamapu ija ndimaijambula yopanda nsomba.

Tikaphatikiza zonse, hotela, galimoto, dalaivala, boti, zolowera ndi tinthu tina tosayembekezeka, ulendowu udadya ndalama zoposa malipiro anga a miyezi itatu, ndipo tidapyola bajeti ndi kagawo komwe tidachita kutapa m'ndalama za ndiwo za Sepitembala. Mwezi umenewo tidadya bonya ndi mpiru kwambiri. Amene akukonza ulendo wotere aike padera gawo limodzi mwa magawo khumi la zadzidzidzi, ife sitidatero. Apongozi adalondola pa mfundo imodzi: wakhanda sakumbuka kanthu, ndipo mnyamata akukumbuka nyani ndi jekete lomwe adamanidwa. Ndikadati ndiyambirenso, mwina ndikadadikira chaka china kuti wamng'onoyo akuleko. Koma mayi akunyumba akuti chaka chinacho kwacha ikadagwanso, ndipo iwo masiku awiri osagwira mthiko sakuwabweza kwa munthu.

Pobwerera tidaima panjira n'kugula usipa wouma ndi chambo chowamba cha apongozi. Adalandira, n'kuyamika, osafunsa kanthu kwa ine. Adamukokera mdzukulu wawo pamphasa n'kumufunsa chapansipansi kuti, "Iwe, nyanjayo n'njaikulu ngati damu la kumunda kwa amfumu?" Mwana adati ayi agogo, kutsidya sikuoneka. Agogo adapukusa mutu n'kunena kuti ana a masiku ano amakokomeza. Simu ija idabwerera pansi pa sutikesi, tsopano ndi ya ku Liwonde, ngakhale mu Novembala tidatapamo theka kugulira apongozi thumba la feteleza.